Anthu Awiri pa Mndandanda wa Nyumba

Wina atagogoda kachiwiri pakhomo, Waldek anakweza mutu kuchoka pa mbale ya supu n'kundiyang'ana.

"Ukudikira kuti chitseko chidzitsekule chokha?"

Ndinali nditaima pa sinki, manja ali m'madzi amene anali atazizira kalekale. Amene anali panjawo ndinkawadziwa. Kalata yawo ndinailandirira ku khitchini ya pasukulu kumene ndinkagwira ntchito, ndinaiwerenga kambirimbiri kenako n'kuiponya m'mbaula. Inati komiti yogawa nyumba za khonsolo idzafika Lachinayi cha m'ma leveni koloko m'mawa kudzaona mmene wopempha nyumba akukhalira. Lachinayi limenelo mwamuna wanga Waldek anayenera kukhala ali ku Germany ndi thiraki yake. Koma thirakiyo inafera pa malire, ndipo iye anatulukira pakhomo cha m'ma naini, wanjala, nkhope ili ndwii.

Pempho la nyumba ndinalipereka mobisa mwezi wa Epulo, patangotha sabata zitatu Waldek atandithyola nthiti ziwiri. Pa fomu ndinalemba anthu awiri: ine ndi mwana wathu Kinga, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinaphatikizapo chikalata cha dokotala ndi cha apolisi. Zipinda ziwiri zimene tinkakhalamo, m'chinyumba chakale chosanjikizana mu msewu wa Garbarska, zinali m'dzina lake, ndipo ankakonda kundikumbutsa zimenezo. Ankandikumbutsanso kuti tsiku limene ndidzayese kuchoka, abale anga adzandizindikira ndi mphete yokha.

Ndinapukuta manja n'kukatsekula.

Kutsogolo kunali Pani Olszewska, mayi wamfupi wa chikhoti chobiriwira, yemwe anandilandira fomu ku ofesi. Kumbuyo kwawo kunali Pan Kubiak, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya njanji, ndipo mu komitimo ankaimira anthu wamba. Khutu lawo limodzi linali logontha. Pani Olszewska anandiyang'ana kumaso, anayang'ana nsapato zikuluzikulu zantchito zimene zinali pakhomo, kenako maso awo anadutsa paphewa panga kulowa m'khitchini.

"Pepani pokusokonezani," anatero mokweza mawu. "Tachokera ku khonsolo. Tikuyendera chinyumba chonsechi, khomo ndi khomo, kuona za chinyontho ndi mbaula."

Pan Kubiak sanamve. Anatsekula fayilo yawo n'kuyamba kuwerenga dzina langa. "Pani Jolanta Pietrzak. Anthu awi…"

"Pan Kubiak, inu gwirani tepi yoyezera," anatero mayiwo akuwalanda fayilo. "Mapepala ndiwerenga ndine, mwaiwala magalasi."

"Magalasi si awa ndavalawa?"

"Amenewo ndi oonera patali."

Apo n'kuti Waldek ataima kale kumbuyo kwanga, mpweya wake ukundifika m'khosi. Pamaso pa alendo ankasanduka munthu wina. Anawapatsa moni wa dzanja, anawalandira zikhoti, anandiuza kuti nditereke madzi a tiyi. Anawaonetsa nkhungu yakuda imene inamera kuseri kwa kabati, n'kugwira yekha nsonga ya tepi pamene Pan Kubiak ankayeza chipinda. Ine ndinaika makapu pa tebulo limodzilimodzi, ndi manja awiri, kuti asalire.

"Abambowa amati anthu angati?" Waldek anafunsa mwadzidzidzi, akumwetulira. "Ndamva ngati amati awiri. Ifetu muno tilimo atatu."

Pani Olszewska sanakweze mutu pa zimene ankalemba. "Timawerenga ogona chipinda chilichonse. Awiri muno, mmodzi umo. Si choncho?"

"Ndi choncho." Anaseka. "Ndimayesa mwabwera kudzatipatsa nyumba yatsopano. Koma zimenezo timazidziwa, zimapita kwa alamu a makhansala ndi azimayi odzimenyetsa pa chitseko kuti apeze chikalata cha dokotala."

"Ife ndife a chinyontho basi," anayankha mayiwo, n'kumwa tiyi wawo mpaka kumaliza.

Potuluka, Waldek anatsamira pa felemu ya chitseko, manja atapinda, kuti aone kumene alowere. Ndiye alendo aja anagogodadi khomo loyandikana nalo, ndi linalo, mpaka makomo onse khumi ndi awiri. Ndinkamva Pan Kubiak akudandaula m'masitepe kuti pa pepala lawo panali khomo limodzi lokha, ndi mayi aja akuwayankha mokweza za nkhungu.

Waldek atatseka chitseko anabwera pa sinki.

"Mayi uja amakudziwa?"

"Ayi."

"Amakuyang'anatu ngati amakudziwa."

Anaika chikhatho chake kumbuyo kwa khosi langa, mofatsa, n'kuchisiya pomwepo mpaka ndinamaliza kutsuka makapu onse anayi.

Khomo lomaliza limene a komiti anagogoda tsiku limenelo linali la Pani Danuta Sobczak, pamwamba penipeni, pamutu pathu. Amuna awo, Pan Henryk, anadulidwa miyendo yonse iwiri chifukwa cha matenda a shuga. Chinyumba chathu chinalibe chikepe, choncho bambowo ankatsika pansi pokhapokha popita ku chipatala, ndipo wowabereka kumsana anali Waldek. Ndi iyenso ankawakwezera ndowa za malasha nthawi yachisanu. Pani Danuta ankamutcha mwana wagolide. Iwo anali pa mndandanda wodikira nyumba kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ataona anthu a khonsolo pakhomo pawo ndi tepi m'manja, anakhulupirira kuti nthawi yawo yakwana. Madzulo ake anatitsitsira keke ya maapozi.

Mndandanda unatuluka kumayambiriro kwa Novembala. Chaka chimenecho khonsolo inali ndi nyumba zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo lamulo linkati mayina a osankhidwa amatidwe pa bolodi la m'khonde la ofesi kwa masiku khumi ndi anayi, kuti aliyense woona chinyengo akadandaule. Ndinapita nthawi ya nkhomaliro, epuloni ili mkati mwa chikhoti. Nditakhota pa kona ya khondelo ndinaona msana wa Pani Danuta. Anali atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, chala chili pa galasi la bolodi.

Ndinafuna kubwerera. Iwo anandiona m'galasimo.

"Bwerani, Pani Jola," anatero osatembenuka. "Bwerani mundiwerengere, mwina maso angawa akunama."

Mzere wachisanu ndi chiwiri unati: Jolanta P., Garbarska 14, anthu awiri, mapointi 41. Pansi pake panali mzera wofiira wolekanitsa osankhidwa ndi otsalira. Pansi pa mzerawo: Danuta S., Garbarska 14, anthu awiri, mapointi 38.

"Anthu awiri," anatero. "Wamwalira ndani kwanuko, Waldek kapena Kinga? Bwanji simunatiuze za maliro?"

"Pani Danuta, chonde, tsitsani mawu."

"Keke yanga munadya?"

"Tinadya."

"Inakoma?"

Anandigwira pamkono, zala zawo zinali zolimba ngati za mwamuna, n'kundikokera ku chitseko cha Pani Olszewska. Analowa osagogoda.

"Ndikufuna mundionetse mapointi atatu amene aposa miyendo ya amuna anga."

Pani Olszewska anadzuka n'kukatseka chitseko. Anatipatsa mipando, koma palibe anakhala.

"Anu ndingakuwerengereni onse," anatero. "Zaka zodikira, naini. Kulumala kwa amuna anu, fifitini. Nsanjika yopanda chikepe, sikisi. Chimbudzi cha pakhonde, mbaula ya malasha, kuchepa kwa penshoni, zonsezo eyiti. Palibe imene takumanani. A munthu wina sindingakuuzeni."

"Munthu wina? Mtsikana uyu ali ndi miyendo iwiri, ntchito, ndi mwamuna wolandira ndalama za ku Germany. Henryk dzuwa amalionera pa zenera ngati mkaidi. Chaka chino watuluka panja katatu, ndipo katatu konseko anali pamsana pa mwamuna wa uyu."

"Ndikudziwa. Ndinakwera masitepe anu, ndinawawerenga. Mu komiti ndinavotera kuti mapointi a kulumala akwezedwe, tinagonja ndi voti imodzi. Chaka chino muyezo ndi umenewu, ndipo ndi womwewo kwa aliyense."

"Ndiye ndipatseni fomu ya madandaulo."

Pani Olszewska anatsekula dirowa n'kuitulutsa. Sanazengereze, ndipo panthawiyo ndinawada chifukwa cha zimenezo.

"Ndi ufulu wanu. Muli ndi masiku khumi ndi anayi. Koma ndikuuzeni mmene zimayendera. Dandaulo likalowa, komiti imabwereranso ku nyumba ya wodandauliridwayo, ndipo imafunsa aliyense wamkulu wokhala m'nyumbamo. Aliyense."

Pani Danuta anapinda fomuyo kanayi n'kuiika m'chikwama.

"Afunseni," anatero. "Amene alibe chobisa saopa mafunso."

Atatuluka ndinakhala pa mpando uja.

"Munandilonjeza kuti dzina langa silioneka," ndinatero.

"Ndinakulonjezani kuti ndiyesa. Mayina a makolo tinawachotsa kwa onse chifukwa cha inu. Adiresi anakana. Pani Jola, ine ntchito ino ndinaiyamba nthawi imene nyumba zinkagawidwa m'chipinda chotseka, ndipo anthu ngati inu ndi mayi aja simunkafika n'komwe pa pepala. Bolodi lija ndi limene linathetsa zimenezo. Lero lakuvulazani, ndikuona. Sindingalichotse."

"Akakauza Waldek?"

"Foni yanu izikhala m'thumba nthawi zonse. Fomu ija ikangolowa muno ndikuimbirani ola lomwelo. Mukatenge mwana kusukulu, osapitanso kunyumba. Kuli malo osungirako amayi, bedi ndikupezerani." Anandithirira madzi m'kapu. "Koma za m'masitepe mwanu, kumeneko dzanja langa silifika."

Masiku amenewo ndinkakhala ndi makutu okhaokha. Denga lathu linali pansi pa nyumba ya Pani Danuta, ndipo ndinkamva chilichonse: matayala a njinga ya olumala ya Pan Henryk akukwekwesa matabwa, mpando ukukokedwa, chitseko chawo chikutsekuka. Chikatsekuka ndinkawerenga mapazi awo potsika, kudikira ngati aime pakhomo pathu. Kuntchito ndinadzicheka chala kawiri posenda mbatatesi. Zikalata za kubadwa ndi zovala pang'ono za Kinga ndinazibisa m'thumba la ufa lopanda kanthu, m'sitolo ya khitchini ya pasukulu. Tikakumana pa mpopi wa pakhonde, Pani Danuta ankayang'ana ndowa yawo. Foni sinalire.

Waldek anabwera tsiku lachikhumi ndi chimodzi. Anabweretsera Kinga chokoleti, ine sikafu yofiira. Anandimanga yekha m'khosi, n'kukoka mfundo pang'ono kuti aone ngati ikukhala bwino.

M'mawa mwake Pan Henryk anali ndi tsiku la ku chipatala. Galimoto ya odwala inkaima pansi, ndipo anyamata ake ankakana kukwera, ankati misana yawo si ya khonsolo. Waldek anapita pamwamba akuimba mluzu, n'kundiitana kuti ndidzanyamule njinga. Tinayamba kutsika: Pani Danuta patsogolo ndi chikwama cha mankhwala, Waldek pakati atabereka bambo aja, ine pambuyo ndi njinga yopinda imene inkandimenya m'miyendo sitepe iliyonse.

"Mwanenepatu, Pan Henryk," anatero Waldek. "Akukudyetsani chiyani mayiwa?"

"Ndikanakhala ndi miyendo bwenzi ukulira, mphwanga. Thokoza dokotala, anakuchepetsera katundu."

Anaseka onse awiri. Tinadutsa khomo lathu. Tikuyandikira pokhotera pa nsanjika yachiwiri, Waldek anaima kuti akweze bwino bambo aja.

"Pani Danuta, nanga za nyumba zija zili pati? Ndamva ku galaja kuti mndandanda unatuluka."

Njinga inanditerereka m'manja n'kugunda chitsulo cha m'mbali. Phokoso lake linamveka chinyumba chonse.

"Gwira bwino iwe," anatero osacheuka.

"Unatuluka," anayankha Pani Danuta.

"Ndiye?"

"Tatsalira. Ndife oyamba pansi pa mzera."

"Zaka naini, munthu wopanda miyendo, n'kutsalira?" Mawu ake anayamba kukwera mmene ndinkawadziwira. "Ndani wakudumphani? Ayi, izi ndiye zamanyazi. Tikangowakweza m'galimoto abambowa, ine ndikupita ku khonsoloko. Ndikawerenge ndekha mayinawo, limodzilimodzi, ndione mbava zake. Aliyense m'tauni muno ndimamudziwa."

Pani Danuta anaima pokhotera paja n'kutembenuka. Anali m'munsi mwathu, ndiye anachita kukweza nkhope. Sanayang'ane Waldek. Anayang'ana ine, kudutsa pamwamba pa mutu wa amuna awo, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana sikafu yofiira ija. Dzanja lawo linali pa zipi ya chikwama. Ndinaganiza za Kinga, kuti ali m'kalasi lachiwiri kuchokera pa geti, kuti kuchoka pano kukafika kumeneko ndi mphindi zisanu ndi ziwiri ngati ndithamanga, kuti Waldek ali ndi munthu kumsana ndipo sangamuponye pansi. Kenako ndinazindikira kuti angathe.

"Anaumatula kale," anatero Pani Danuta. "Dzulo ndinali komweko, bolodi lili mbee."

"Koma mayina munawaona?"

"Ndinawaona. Anthu a kutsidya kwa njanji, mabanja a ana asanu, asanu ndi mmodzi. Palibe amene mungamudziwe."

"Danusia," anatero Pan Henryk kwa akazi awo, "si unanena kuti…"

"Ndinanena kuti utseke pakamwa potsika masitepe, ungadzilume lilime. Pan Waldek, inu mukapita kukachita phokoso kumeneko atichotsa pa mndandanda wa chaka chamawa. Mukufuna ndidzafere pamwamba paja? Ngati muli ndi mphamvu zotsala, malasha atithera."

Waldek anatukwana khonsolo, makhansala ndi amayi awo, kenako anapitiriza kutsika. Masana onse anakweza malasha, ndowa khumi.

Galimoto itanyamuka ndi Pan Henryk, iye atalowa m'chipinda cha malasha, ndinatsala ndi Pani Danuta pa khomo la kumsewu. Iwo ankadikira basi yowatsatira ku chipatala.

"Pani Danuta…"

"Musandithokoze, ndingakulavulireni." Ankayang'ana kumsewu. "Zaka seveni ndakhala ndikukweza wailesi kuti Henryk asamve zochitika pansi pathu. Ndinkati si nkhani yanga, komanso ndani atikwezere malasha. Ndiye musandiyese woyera. Fomu ija ndinailemba yonse, ili m'chikwama muno. Mawa ndi mkuja ndikhoza kukaiperekabe."

"Mukaipereka?"

"Sindikudziwa. Chokani apa, Waldek angakuoneni."

Masiku awiri otsalawo ndinasenda mbatatesi foni ili pa bere, mkati mwa bulauzi. Lachisanu folo koloko itakwana, Pani Olszewska anaimba. Ndinalephera kudina batani mpaka mnzanga wa kuntchito anandidinira.

"Bolodi tamatula," anatero. "Palibe dandaulo lalowa. Makiyi mudzatenge pa 3 Disembala."

Tinachoka m'mawa wina Waldek ali pafupi ndi Hamburg, ku Germany. Tinatenga masutikesi awiri ndi thumba la ufa lija. Pamwamba sindinakwere kukatsanzika, ndinaopa kuwasiyira katundu woti adziwe tsiku ndi ola. Nyumba yatsopano inali kumapeto kwa tauni, chipinda chimodzi ndi khitchini, mpopi wa madzi otentha, ndi chitseko chachitsulo chimene Pani Olszewska anaumirira kuti aikepo.

Zimene zinachitika ku Garbarska ndinazimva kwa Pani Olszewska. Waldek atabwera anayenda khomo ndi khomo. Atafika pamwamba anali atamva kale kwa wina za Jolanta P. wa pa bolodi. Anathyola chitseko cha Pani Danuta ndi phazi, anaphwanya mbale zonse, anagubuduza njinga ya Pan Henryk mwini wake ali pomwepo. Pani Danuta ankadziwa msewu umene nyumba zisanu ndi ziwiri zija zinali, aliyense wa pa mndandanda ankaudziwa. Sanautchule. Apolisi anamutenga, khoti linamuletsa kundiyandikira, ndipo patapita miyezi ingapo anasamukira ku Germany. Anthu amati ali komweko. Amati.

Nyengo yachisanu imeneyo Pani Danuta ankakweza okha malasha, theka la ndowa ulendo uliwonse. Nyumba anadzaipeza patatha chaka ndi miyezi itatu, ya pansi, mbali ina ya tauni.

Ndinapitako kamodzi, mwezi wa Meyi, nditanyamula maluwa. Ndinatsika basi n'kuima tsidya lina la msewu. Pan Henryk anali panja pa njinga yawo, bulangeti pa ntchafu, maso otseka, nkhope ataitchera kudzuwa. Pani Danuta anali pa zenera lotsekula akupukuta galasi. Anandiona ndisanawoloke. Dzanja la nsanza linaima. Ndinakweza maluwa aja pang'ono.

Iwo anasuzumira kunja mpaka m'chiuno. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kumene basi inachokera, anayang'ana magalimoto oimikidwa m'mbali mwa msewu imodziimodzi, mpaka kumapeto, kenako mbali inayo. Atatha anandiyang'ana ine, n'kundilozera ndi chibwano kumene kunali siteji ya basi yobwerera.